LACHITATU: Mtima Wophunzitsa Ena

Werengani Eksodo 35:30-35. Kuwonjezera pa luso la manja, kodi Mulungu anapatsanso chiyani Bezaleli ndi Oholiabu?

Tikamawerenga za chihema, maso athu amathamangira ku golide ndi nsalu zopetedwa, ndipo ndime 34 timangoidumpha. Komatu Mzimu amene anadzaza Bezaleli anaikanso mumtima mwake kufuna kuphunzitsa ena. Yehova sanafune kuti luso limeneli lipite kumanda pamodzi ndi mwini wake.

Chitsanzo tili nacho pakhomo. M'chaka cha 1978, Balaka idakali mbali ya boma la Machinga (inakhala boma payokha mu 1998), achinyamata a mpingo wa Katolika kumeneko anayambitsa gulu loyimba la Alleluya Band, mothandizidwa ndi wansembe wochokera ku Italy, Bambo Mario Pacifici. Wotsogolera mayimbidwe anali Paul Banda. Mng'ono wake, Lucius Banda, amene anamwalira mu 2024, anakulira m'gulu lomweli asanatchuke m'dziko lonse. Mu 1984 kunabadwanso bungwe la achinyamata la Andiamo, liwu la Chitaliyana lotanthauza "tiyeni." Kuchokera pamenepo kunadzamangidwa sukulu ya sekondale, sukulu ya ntchito zamanja, ndi chipatala cha Comfort. Oyimbawo akhala akupita ku Ulaya kukayimba, ndipo thandizo lopezeka kumeneko limabwerera kudzagwira ntchito ku Balaka. Taonani kuti wansembeyu sanangogawa ufa ndi zovala. Anaika zida m'manja mwa ana a eni mudzi, nakhala nawo zaka zambirimbiri.

Wina m'kalasi anganene kuti, "Koma amenewo si a mpingo wathu." Nzoona. Timasiyana nawo pa ziphunzitso zazikulu, ndipo sitikubisa zimenezo. Koma werengani Marko 9:38-40. Kodi Yesu anamuyankha bwanji Yohane pamene ophunzira analetsa munthu wochita zabwino chifukwa sanali wa gulu lawo? Kumbukiraninso kuti pofuna kuchititsa manyazi wodziwa malamulo, Ambuye anasankha Msamariya (Luka 10:30-37).

Tsono tibwerere kwathu. Mnyamata wa ku Ntaja kapena ku Ulongwe amene sanakhoze mayeso a Fomu 4 amayimba nafe m'kwaya Sabata lililonse. Lolemba likafika alibe kolowera. Miyezi ingapo ikapita timamva kuti anakwera basi ya ku Johannesburg, ndipo timangomutchula m'pemphero. Chonsecho pa benchi lomwe ankakhalapo pamakhalanso telala, kalipentala, mmisiri womanga nyumba, ndi mphunzitsi wopuma pantchito. Amayi a Dorika amasoka, inde, koma ndi atsikana angati amene awakhazika pamakina?

Zokambirana: Tchulani aluso amene ali mumpingo wanu. Ndani mwa iwo angalandire wachinyamata mmodzi kotala ino, ndipo ndalama yogulira chipangizo chake choyamba ichokera m'thumba liti?