Kodi Njala Ingafafanize Mlandu wa Magazi?

Mabuku ofotokoza mbiri ya milandu sapezeka kawirikawiri m'nyumba zathu, ndipo ambiri a ife timayesa kuti nkhani zake ndi za maloya okha. Komabe ilipo milandu ina imene ikalowa m'khutu la munthu wamba imamsowetsa tulo. Umodzi mwa iyo ndi umene mphunzitsi wa malamulo A. W. Brian Simpson anaufufuza m'buku lake lotchedwa Cannibalism and the Common Law, la m'chaka cha 1984.

M'chaka cha 1884 ngalawa yaing'ono yotchedwa Mignonette inanyamuka ku Southampton, m'dziko la England, ulendo wa ku Sydney. Pa 5 July inamira pakati pa nyanja ya Atlantic, ndipo anthu anayi amene anali m'menemo anathawira m'kabwato: woyendetsa ngalawayo Tom Dudley, womthandiza Edwin Stephens, Edmund Brooks, ndi Richard Parker, mwana wamasiye wa zaka 17. Chakudya chawo chinali zitini ziwiri za tanaposi ndi nkhasi imodzi imene anagwira. Madzi akumwa analibe. Parker anamwa madzi amchere nadwala. Atatha masabata pafupifupi atatu ali chiyandamire, Dudley anayamba wapemphera, kenaka anapha mnyamatayo ndi mpeni, Stephens atavomereza. Atatu otsalawo anadya thupi lake kufikira pa 29 July, pamene sitima ya Ajeremani inawatola.

Chodabwitsa nchakuti atafika padoko la Falmouth sanabise kanthu. Simpson akutionetsa kuti amalinyero a nthawi imeneyo ankaona ngati ndi mwambo wa panyanja kuti mmodzi afe pofuna kuti anzake apulumuke. Khamu la anthu linawamvera chisoni, ndipo ngakhale mkulu wake wa Parker anawagwira chanza.

Nafenso, abale, chisoni chitigwira. Ife amene tagona titakhuta tingaweruze bwanji munthu amene lilime lake linauma ndi ludzu? Maganizo a Dudley anali akuti iye ndi Stephens ali ndi akazi ndi ana, pamene mnyamatayo alibe womdalira, ndiponso akufa kale. Kuwerengera kotereku kumamveka kwanzeru: atatu aposa mmodzi.

Koma tiyeni tione amene anawerenga, ndi amene anawerengedwa. Parker sanafunsidwe. Anasankhidwa chifukwa anali wamng'ono, wodwala, wosatha kudziteteza. Woweruza wamkulu Lord Coleridge, pogamula mlanduwo m'mwezi wa December 1884, anaima pa mfundo yomweyi: ngati tilola kuti vuto lalikulu lipatse munthu ufulu wopha wosalakwa, adzayeza kukula kwa vutolo ndi yemwe wagwira mpeni, ndipo adzapeza kuti moyo wotsika mtengo ndi wa wofooka. Ena amati akanachita maere zikanakhala bwino. Ife sitikhulupirira zimenezo. Maere agawa imfa mosakondera, koma sapatsa munthu ulamuliro pa moyo umene sanaulenge. Lamulo lachisanu la Mulungu silinalembedwere masiku a mtendere okha, pakuti pa masiku otere palibe amene amalakalaka magazi a mnzake. Mphamvu yake ioneka pa tsiku limene kulisunga kuwawa. Mpingo uphunzitsa kuti sitingachite choipa ndi cholinga chakuti chabwino chitulukepo, ndipo khoti la ku London linafika pa mfundo yomweyo podzera njira yakeyake.

Coleridge sanadzitame. Anavomera kuti oweruza nthawi zina amaika muyeso umene iwo eni sangaufikire. Apa mpamene mlanduwu utiphunzitsa kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene timakonda kuzisakaniza pabwalo la amfumu ngakhale m'mabanja mwathu: kunena kuti chinthu nchoipa, ndi kuyeza chilango cha wochichita. Dudley ndi Stephens anapezeka olakwa pa mlandu wakupha ndipo anagamulidwa kuti anyongedwe, koma boma la Mfumukazi Victoria linasintha chilangocho kukhala miyezi 6 m'ndende. Kukhululuka kunali kotheka chifukwa mlandu unali utatchulidwa dzina lake. Akanawamasula, bwenzi khoti likuuza mwana wamasiye aliyense wokwera ngalawa kuti iye ndiye kamba wa paulendo wa anzake.

Mlanduwu suli kutali nafe monga tingaganizire, pakuti m'chaka cha 1902 dziko lathu lino, lili pansi pa Angerezi, linalandira malamulo a ku England pamodzi ndi zigamulo za makhoti ake.

Brooks anamangidwa pamodzi ndi anzakewo, koma mlandu wake unathetsedwa. Boma linamsandutsa mboni. Dudley atatuluka m'ndende anasamukira ku Sydney, kumene anamwalira ndi mliri wofala ndi makoswe m'chaka cha 1900. Parker alibe manda enieni, koma mwala womkumbukira unaikidwa pabwalo la tchalitchi cha Pear Tree, kwawo ku Southampton.