Uphungu Woona Uchokera kwa Yani?

Munthu akafika pa mphambano ya moyo wake, monga posankha ukwati, unsembe kapena usisteri, sayenera kuyenda yekha. Makolo adati safunsa adadya phula. Koma tsono tifunse yani?

Kumbukirani Rehobowamu, mwana wa Solomoni. Anthu atampempha kuti awapeputsire goli, iye adafunsa akuluakulu amene adatumikira atate ake, ndipo iwo adamlangiza kuti afatse nawo anthuwo. Koma iye adatsata mau a anyamata anzake okula naye pamodzi, amene adamuuza zomkomera m'makutu. Mafuko 10 adampandukira, ufumu nugawika pawiri.

Phungu wabwino akhale woona zambiri, ndiponso wosapindulapo kanthu pa chimene mudzasankhe. Bwenzi aopa kukukhumudwitsani. Mbale nthawi zina ayang'ana chuma cha mkamwini. Pitani tsono kwa nkhalamba yoopa Mulungu, kwa katekisti wakale kapena kwa bambo mfumu, amene angathe kunena zowawa mosaopa nkhope. Mukamva mau ao, pempherani, musankhe nokha, pakuti wodzasenza katunduyo ndinu.