Fupa Lokakamiza Limaswa Mphika

Chandiwawa mtima masiku ano ndi khalidwe limene lamera pakati pa othamanga mitunda italiitali, lakuti mnzawo akatupa bondo, kapena kafupa ka m'phazi kakang'aluka, m'malo momukhazika pansi amamuombera m'manja pa Facebook namutcha ngwazi chifukwa waumirira mpikisano akutsimphina, ngati kuti kupunduka ndi ulemerero woti munthu aziufunafuna. Makolo athu mlandu umenewu anauweruza kalekale.

Tamvani za Dave Mackey wa ku Boulder, m'chigawo cha Colorado, amene m'chaka cha 2011 anasankhidwa kukhala woposa amuna onse a ku North America pa mipikisano yopitirira makilomita 42. Mu Meyi 2015, potsika phiri la Bear Peak limene analizolowera ndithu, mwala unagumuka, iye nagwa nawo, ndipo thanthwe la makilogalamu oposa 130 linamuphwanya mwendo wamanzere mpaka fupa kutulukira kunja. Madokotala anamuchita opaleshoni ka 13, koma matenda anakhazikika m'fupamo, kotero kuti patapita chaka ndi theka munthu uja anali kuyendabe ndi ndodo, ululu osamuleka. Pamenepo iye, amene ntchito yake ndi ya m'chipatala ndipo anadziwa bwino kulemera kwa chimene anapempha, anasankha kuti mwendowo audule pansi pa bondo, ndipo unadulidwadi mu Novembala 2016.

Alipo amene adzati anagonja. Ine nditi anazindikira kuti fupa ndi liti ndipo mphika ndi uti. Pakuti mwendo unali chiwalo chimodzi chabe, pamene thanzi lake, banja lake ndi zaka zonse zimene zinamutsalira ndizo zinali pafupi kusweka akadapitiriza kukakamira thupi la dzulo. Atavala mwendo wochita kupanga anadziikira cholinga cholingana ndi thupi limene anali nalo tsopano, ndipo mu 2018 anatsiriza mpikisano wa Leadville, wa makilomita 160, m'mapiri otalika mamita oposa 3,000 kumene mpweya umaperewera ngakhale kwa amiyendo iwiri. Sanakhale woyamba, ndipo sindiona chimene chinachepa pamenepo. Yakobo yemwe anachoka pa Penieli akutsimphina, koma mdalitso anali nawo.

Ndivomera, ngakhale monyinyirika, kuti popanda liuma sakadafika kumeneko, pakuti chitsa cha mwendo chimatupa ndi kuchita matuza chisanazolowere chitsulo. Ndiponso sindinganene kuti maopaleshoni aja anali uchitsiru, popeza chiwalo sichitayidwa chiyembekezo chikadalipo. Komatu liuma lakelo linadza chilonda chitapola, pomvera uphungu wa odziwa, ndipo n'losiyana kutalitali ndi la mnyamata amene wauzidwa kuti apumule masabata asanu ndi atatu, iye n'kumwa mankhwala opha ululu pa sabata yachitatu, nanyamuka m'bandakucha kukathamanga chifukwa ndalama yolembetsera mpikisano wa Comrades anapereka kale.

Mpikisano wa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg umenewo unayamba mu 1921, ndipo chaka chamawa udzakhalaponso. Koma fupa likathyokeratu, oombera m'manja aja sindiwaona akubwera kudzamuperekeza kuchipatala. Amene adzagone pansi pambali pa bedi lake ndi mayi ake, amene chiyambire anali kumuuza kuti akhale pansi.