Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere

Mwana wokulira kwa Maganga sadya nkhuyu asanaing'ambe. Imagwa itapsa bwino, yofiira, yofewa, mbalame zikulimbirana m'nthambi, koma ukaitsegula ndi chala umapeza tizilombo tikuyendayenda m'kati. Apa ndi pamene makolo adatola mwambi wakuti chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ambiri amaunena pochenjeza mnyamata wotengeka ndi nkhope, kapena msodzi wogula bwato poona penti. Koma mawu nawonso amakhala ndi chikomekome chake, makamaka mawu olonjeza wodwala kuti achira. Mwambiwu suletsa kudya nkhuyu. Ukungoti uyambe waona m'kati.

Pali matenda ena osowa otchedwa achalasia, amene pachaka amagwira munthu pafupifupi mmodzi mwa anthu 100,000. Kumapeto kwa mmero, polowera m'mimba, pali mnofu umene umatseguka tikameza ndi kutsekanso chakudya chikadutsa. Mwa wodwala achalasia mitsempha yolamula mnofuwu imafa pang'onopang'ono. Khomo limakana kutseguka, ndipo mmero umaleka kukankha chakudya. Nsima imaima pachifuwa. Madzi enieniwo amaima. Munthu amadzuka pamphasa ena akudya, nkutambasula khosi, kudzimenya pachifuwa, kenaka kupita kuseri kwa nyumba kukabweza usipa umene sunafike n'komwe m'mimba. Usiku zotsalira zimabwerera kukhosi, amadzidzimuka akutsokomola, ndipo zikalowa m'mapapo zimayambitsa chibayo.

Kuno kunyanja ganizo loyamba limakhala la munga wa nsomba. Amamuuza kuti ameze mbamu yayikulu ya nsima kuti mungawo utsike. Zikakanika amati ndi zilonda za m'mimba. Akayamba kuwonda, manong'onong'o amayamba: ena akuti adamudyetsa, ena akuti ndi matenda a boma. Zaka zimatha munthu asakudziwa dzina la chimene chikumuzunza.

Chikomekome choyamba chimabwera m'botolo. Pa tsiku la msika, pa wailesi, pa WhatsApp, ogulitsa mankhwala azitsamba amatchula matenda ambirimbiri mpweya umodzi, nkumati botolo limodzi lichotsa onse. Mawu ake amakoma, chifukwa munthu amene watha chaka akumwa phala lamadzimadzi amalakalaka womuuza kuti Lachisanu adya mpunga ndi chambo. Nyerere zake ndi ziwiri. Yoyamba ndi yakuti mitsempha imene yafa sidzukanso. Palibe muzu, khungwa, piritsi kapena jakisoni amene amaibwezeretsa. Yachiwiri ndi yoopsa kwambiri. Malawi ndi limodzi mwa maiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo munthu wovutika kumeza kuno, kawirikawiri vuto lake silikhala achalasia. Khansa imayamba ndi kukana zolimba, nkufika pokana madzi m'miyezi yochepa, pamene achalasia imakana zonse ziwiri ndipo imakoka zaka. Mafangasi a kummero mwa amene ali ndi kachilombo ka HIV nawonso amavutitsa kumeza, koma iwo amachizika ndi mankhwala. Kusiyanitsa zitatuzi n'kwa achipatala: kumwetsa wodwala madzi oyera a barium nkumujambula, kapena kulowetsa kapaipi ka kamera kummero monga amachitira ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Mwezi uliwonse wothera pa mabotolo ndi mwezi umene khansa, ngati ndiyo, ikukula. Ogulitsa oterewa sindiwakhululukira, chifukwa amadya ndalama za munthu amene iye mwini sakudya.

Tisaganize kuti chikomekome chili kumsika kokha. China chimavala jekete loyera, china chimalembedwa m'Chingerezi chosalala pa intaneti. Mwana wa wodwala ali ku Joni amatumiza uthenga kuti wawerenga zoti opaleshoni imathandiza anthu 9 mwa 10 alionse, ndipo abale amagulitsa ukonde ndi injini poganiza kuti bambo akabwerako ali monga kale. Chiwerengerocho si bodza lenileni, koma tiyeni tiching'ambe. Madotolo amayeza zinthu zinayi: kuvutika kumeza, kubweza chakudya, kupweteka pachifuwa ndi kuwonda. Amaziphatikiza pa muyeso wa Eckardt, woyambira 0 kufika 12, ndipo wodwala akatsika kufika pa 3 kapena kuchepera amalembedwa kuti chithandizo chatheka. Munthu angakhale m'gulu la othandizika koma akutsamwabe apo ndi apo, akudyabe ndi kapu ya madzi pambali. Amene walemba lipoti akunena zoona za m'buku mwake. Wodwala amene adamva kuti achiriratu amadziona ngati wapusitsidwa, mwinanso kuyamba kudziimba mlandu kuti pali chimene adalakwitsa.

Chithandizo chilipo, ndipo n'chakale. Mu 1674 dotolo wa ku England, Thomas Willis, adalemba za wodwala amene ankakankha chakudya ndi kandodo ka fupa la namgumi kokhala ndi siponji kunsonga. Mu 1913 Ernst Heller wa ku Germany adachita opaleshoni yodula mnofu wokanikawo, imene mpaka lero imatchedwa ndi dzina lake. Mu 2008 Haruhiro Inoue wa ku Japan adayamba kudula mnofu womwewo podzera m'kamwa, osang'amba pamimba, njira yotchedwa POEM. Palinso kufutukula khomolo ndi chibaluni, ndi jakisoni wa Botox. Zonsezi zimangomasula khomo kuti chakudya chizigwera m'mimba ndi kulemera kwake. Mmero sumayambiranso kukankha. Botox imatha mphamvu pakapita miyezi. Chibaluni nthawi zambiri chimafuna kubwereza, ndipo mwa odwala ochepa chimang'amba mmero. Khomo likamasuka, asidi wa m'mimba amapeza njira yokwerera. Kafukufuku wa m'zipatala za ku Ulaya wofalitsidwa mu 2019 adapeza kuti patatha zaka ziwiri POEM ndi opaleshoni ya Heller zidathandiza mofanana, odwala oposa 80 mwa 100, koma mmero wotupa ndi asidi udapezeka mwa 44 pa 100 a POEM ndi 29 pa 100 a Heller. Izi ndi zimene otsatsa njira yatsopano satchula msanga.

Kodi ndiye munthu akane chithandizo? Ayi ndithu. Amene amabweza madzi, akayambanso kumeza nsima yofewa ndi kubwerera m'thupi, wapeza chinthu chachikulu. Chimene ndikukana ndi kumubisira zotsalazo. Wodwala wouzidwa zoona amakonzeka: amadya pang'onopang'ono, kutafuna mpaka kusalala, kumwera madzi, kudya mgonero dzuwa lisanalowe, kukweza kumutu kwa pogona, ndi kubwerera kuchipatala zizindikiro zikayambiranso, podziwanso kuti mmero wokhalitsa ndi matendawa umafuna kuunikidwa chifukwa chiopsezo cha khansa chimakwererapo. Abale ouzidwa zoona saseka akaona munthu wamkulu akutsalira pa mbale, ndipo samukakamiza kudya pamaliro kapena paukwati pamene iye akuopa kuchita manyazi pagulu.

Ife Amalawi timaopa kufunsa dotolo, timangoti "chabwino, adokotala" ngakhale sitinamve. Ulemu wotere umapweteketsa. Safunsa adadya phula. Funsani kuti: kodi ndichiriratu kapena ndingopezako bwino? Zitha zaka zingati? Zikabwereranso tidzatani? Ndi mavuto ati amene amadza pambuyo pake? Dotolo woona mtima sakwiya ndi mafunso otere, ndipo amayankha ngakhale yankho lisakukoma.

Inu a kwa Maganga, a ku Senga Bay ndi midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja, ngati m'nyumba mwanu muli munthu amene chakudya chikumuima pachifuwa kwa masabata angapo, musadikire kuti munga utsike. Pitani naye kuchipatala chaching'ono chapafupi kapena ku chipatala cha boma ku Salima, mukapemphe kalata yokaunikitsa mmero ku Lilongwe.