Kodi wa ku Joni ali ndi ufulu wokondwa?

Lamulungu lililonse ndikatuluka m'tchalitchi, ndimaima m'mbali mwa msewu n'kuloza chala m'mwamba. Kuno ku Johannesburg minibasi saiimitsa ndi pakamwa: chala m'mwamba ndiye kuti ukupita m'tauni, chala pansi ndiye kuti ulendo wako ngwapafupi. M'tauni ndimagula magwinya awiri, omwe ndi mandasi akuno, n'kukwera ina yodzera mu Jan Smuts Avenue mpaka ku Zoo Lake. Kumeneko ndimakhala pa kapinga, kutsegula fulasiki ya tiyi, n'kumaonerera abakha. Ukakhala mwezi wa Okutobala, mitengo ya jakaranda imakhala itayala maluwa ake m'misewu monga imachitira ku Blantyre. Basi, chisangalalo changa n'chomwechi. Sichindidyera marandi oposa 60.

Koma inu awerengi, tiyiyo sindimumwa ndi mtima umodzi. Foni ikangolira m'thumba ndimadziwa kuti ndi mlongo wanga kumudzi, ndipo nkhani yake ndi feteleza kapena fizi ya ana. Pamenepo gwinya limaima pakhosi.

Madala ena a ku Mangochi, omwe timagwira nawo ntchito ya m'maluwa, adandiuza mosapsatira. "Aphwanga, kuno tidabwerera ndalama. Randi iliyonse mukudyera abakha anuwo mwalanda m'kamwa mwa mwana." Iwowo sapuma ngakhale Lamulungu, ndipo pap wawo, nsima yakuno, amadyera kabichi chaka chonse. Sindingawanyoze. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu kumudzi zidakwera moti kandalama kalikonse kochokera kuno kamawerengedwa. Masamu awo ngolondola.

Komatu masamu amenewa ndi akale. Agogo athu adabwera kuno pa Wenela, kugona m'makomponi, kulowa pansi pa nthaka kukakumba golide wa eni. Pobwerera anthu ankawerenga njinga, wayilesi ndi mabulangete. Palibe ankafunsa ngati munthuyo adasekako pa zaka ziwirizo. Ndege itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi 74 ochokera kumigodi, a Kamuzu adaletsa ulendowu, koma maganizo aja adatsala: wa ku Joni ndi manja otumiza katundu, osati munthu woti n'kutopa kapena kulakalaka kanthu.

Ine apa ndi pomwe ndimakanira. Ndawaona anthu odzimana kotheratu, ndipo ambiri mtima wawo umasanduka ndulu. Ndalama amatumiza ndithu, koma imafika ndi mawu olasa: "Inu mumangodziwa kupempha, ine ndikufa kuno." Wolandirayo amadya ndi manyazi. Kodi mphatso yotero ikadali mphatso? Palinso china. Amene adaliko mu Meyi 2008, pomwe chipolowe chothamangitsa alendo chidayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62, amadziwa kuti mzinda uno umatifuna pogwira ntchito pokha. Ndiye ndikakhala pa kapinga paja, pakati pa mabanja a Azulu, Amwenye ndi Azungu, popanda wondituma, ndimamva kuti ndine munthu kwa maola awiri. Zimenezi sindizitenga ngati zopepuka ayi.

Komabe ndisadzinamize. Matchona onse adayamba ndi tating'ono. Palibe adatsika basi pa Park Station atalumbira kuti aiwala kwawo. Lero gwinya, mawa nsapato, mkuja chibwenzi, kenaka foni ya kumudzi yayamba kusowetsa mtendere, wasintha nambala. Madala aja akamaopa abakha anga, akuopa njira imene adaona ikumeza anzawo. Malire ake ali pati, eti?

Ndidaganiza nthawi yaitali, ndipo chomwe ndidapeza n'chodabwitsa. Ife akuno timaonetsa chisangalalo chabodza n'kubisa chenicheni. Timajambulitsa titatsamira galimoto ya abwana, titavala jekete yobwereka, n'kuika pa Facebook. Kumudzi amaona bwana, ndiye amapempha monga kwa bwana. Koma za tiyi wa pa kapinga sitinena, chifukwa tikuopa kuti ationa ngati oseweretsa ndalama. Ndidaona kuti chimene ndingachiulule kwa mlongo wanga osagwetsa nkhope sichingandisandutse mtchona. Choopsa ndi chomwe ndayamba kuchibisa.

Choncho Lamulungu lapitali foni italira ndidayankha pomwepo, abakha akulira kumbuyo.

"Achimwene, muli kuti kodi? Kukumveka ngati kudambo."

Ndidamuuza zonse, ndi mtengo womwe. Adakhala kaye chete, mtima wanga uli m'mwamba. Kenaka adafunsa ngati magwinyawo amafufuma ngati mandasi a mu msika wa Limbe. Ndidati amaposa, koma shuga ngwochepa. Adaseka, nati tsiku lina ndidzamutengereko.

"Koma achimwene, za feteleza zija musaiwale. Mvula yayandikira."