Nazarete ndi Makomboni a ku Lusaka

Kowerenga: Yohane 1:43-51

Nazarete unali mudzi waung'ono pa mapiri a ku Galileya, wa anthu mazana owerengeka, ndipo dzina lace silipezeka ngakhale kamodzi m'Cipangano Cakale. Tsono pamene Filipo anauza Natanayeli kuti apeza Iye amene Mose ndi aneneri analemba za Iye, ndi kuti kwao ndi ku Nazarete, Natanayeli anakayika ngati m'mudzi wotere mungatuluke kanthu kokoma. Nkhope ya Yesu anali asanaione, mau ace anali asanawamve. Anangomva dzina la mudzi, naweruza pomwepo. Cozizwitsa ncakuti Natanayeliyo kwao kunali ku Kana (Yohane 21:2), kamudzi kena ka m'Galileya momwemo, ndipo a ku Yerusalemu anapeputsa Agalileya onse pamodzi, a ku Kana ndi a ku Nazarete omwe.

Mtima wa Natanayeli ulipobe m'midzi ya ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke. Mnyamata akadza kudzafunsira mbeta, ankhoswe ace nanena kuti akhala ku Lusaka, onse akondwa. Koma akaonjeza kuti ku Kanyama kapena ku Chibolya, akuluakulu ayang'anana, wina nayamba kutsokomola. Mkazi akabwerera kumudzi kucokera ku Misisi ndi kalata wa Mpingo m'manja, akulu a Mpingo amtembenuza kalatayo kawiri katatu. Mau ace ndi odziwika: a m'komboni ndi mbala, ndi oledzera, ana ao ngosamva mwambo, akazi ao sakhalitsa pa banja. Koma wocokera kumayadi, ku Kabulonga kapena ku Woodlands, amuyalira mphasa yatsopano asanafunse ngati apemphera konse. Yakobo analemba za tsankho lotere pa mutu waciwiri wa kalata wace, nalicha cimo.

Kuyenera kuti Akristu adziwe m'mene makomboniwo anayambira. Lusaka anakhala likulu la dziko m'caka ca 1935, boma litasamuka ku Livingstone. Amene analinganiza mzindawo anaupangira Azungu, ndi misewu yotakata ndi mitengo. Munthu wakuda anayesedwa mlendo wodzagwira nchito cabe: ayende ndi citupa, agone m'nyumba ya bwana wace, nchito ikatha abwerere kwao. Pambuyo pace anamanga Matero ndi Chilenje kuti anchito akhale ndi mabanja ao, koma nyumbazo zinacepa. Otsalawo akadapita kuti? Anapempha malo pa mafamu a kunja kwa mzinda, nalipira eni ace, naumba zidina, nafolera ndi malata akale. Ena anakhala pa misasa imene makampani omanga nyumba anasungirapo anchito ao. Ndico cifukwa cace makomboni ena achedwa ndi maina acilendo kufikira lero, monga George, John Howard ndi John Laing. Ufulu utadza m'caka ca 1964, citupa cinatha, anthu nakhamukira ku tauni, ndipo makomboni anakula koposa. Koma boma silinawawerengere. Cotero munalibe mipopi, ngalande kapena misewu. Lamulo lowabvomereza linadza m'caka ca 1974, ndipo pamenepo okhalamo anayamba kulandira cikalata cokhalira pa malo ao zaka 30. Lero oposa theka la anthu a mu Lusaka akhala m'malo otere.

Pali nkhani ya matenda, imene ambiri aigwiritsa ngati umboni wa uve. Kolera anabuka m'makomboni a Lusaka m'caka ca 2017, nasautsa kwambiri ku Kanyama. Anabukanso koposa m'caka ca 2023, kufikira kuti mu Januwale 2024 bwalo la mpira la National Heroes Stadium linasanduka cipatala. Koma wofuna coona ayang'ane pansi pa nthaka. Kanyama akhala pa thanthwe la mwala wa laimu, lokhala ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo madzi ali pafupi. Cimbudzi sicikumbika mozama. Mvula ikagwa madzi asefukira, zonyansa nizitsata ming'aluyo kulowa m'zitsime. Mai wa ku Kanyama asesa pakhomo pace m'mamawa monga acitira mai wa ku Nyimba. Koma tsace silicotsa thanthwe.

Zoipa zilimodi, ndipo kuzibisa kukadakhala kunama. Ku Chibolya kwachuka ndi malonda a camba. Kuli anyamata osowa nchito amene alanda anthu usiku, kuli mowa wa tsiku ndi tsiku. Koma kodi kumudzi kacasu aphikidwa ndi yani? Nanga ng'ombe zobedwa m'khola usiku, aziba ndi a ku Chibolya? Kumayadi nako kuli akuba, koma iwo aba ndi colembera, ndipo linga lalitali libisa zocita zao. Cimo la wosauka lioneka msanga pakuti nyumba yace ili pa njira.

Ndipo a m'komboniwo ndani? Ambiri ndi ana a midzi yomweyi. Mu Lusaka muli ngakhale komboni yochedwa Chipata. Ndiwo adzuka kusanace kukagula ndiwo zamasamba ku msika wa Soweto, ndiwo aphwanya miyala m'mbali mwa msewu, ndiwo amisiri a zitseko ndi mazenera ku Kalingalinga, ndiwo alonda nyumba za kumayadi ndi kulera ana a eni ace. Ndalama ya feteleza imene ifika kumudzi mwezi wa Novembala kawirikawiri icokera m'manja amenewa. Mkulu wa Mpingo akatengera mkazi wace wodwala ku cipatala cacikulu ca U.T.H., sagona ku Kabulonga. Agona kwa mphwace ku Chawama, m'cipinda cimodzi, mwini nyumba atamsiyira kama ndi kugona pansi. Ndipo pa Sabata amva nyimbo zomwezo za kwao, zoyimbidwa ndi amai a cigwirizano obvala monga a kumudzi. Nkoipa kuti mkulu yemweyo, atabwerera, akanize mwana wace kukwatiwa ndi mnyamata wa kumeneko osafunsa za makhalidwe ace.

Filipo sanatsutsane naye Natanayeli. Anangomuitana kuti adze akaone yekha, ndipo ulemu wa Natanayeli uli pakuti ananyamuka napita. Yesu pomuona sanambwezere cipongwe ca mudzi wace, ndiponso sanachule za Kana; anamyamika kuti ndiye Mwisrayeli wopanda cinyengo. Dzina la Nazarete Ambuye sanalitaye. Anayenda nalo kufikira ku Golgota, kumene kunali kunja kwa cipata ca mzinda (Ahebri 13:12), ndipo Pilato analilemba pamwamba pa mtanda m'Cihebri, m'Cilatini ndi m'Cihelene, kuti onse opita pa njira aliwerenge.