Kodi Wakufa Ndani?

Mnzanga wachinyamata, taganizira mawu akuti "kufa". Msodzi wa pa Zambezi amati injini ya boti yafa. Feira, dzina lakale la Luangwa, m'Chipwitikizi ndi msika. Msika uja wa minyanga ndi akapolo unafa kalekale, ndipo palibe amaulira. Koma agogo sitinena kuti afa. Timati amwalira, atisiya, pakuti tikuyembekeza kudzaonana nawo.

Pa Luka 15 tate anawerengera mwana wake wolowerera ngati wakufa, chonsecho mwanayo ankapuma ndithu. Choncho imfa si ya kumanda yokha. Ukaona mnzako akugona ndi njala iwe osamva chisoni, chinachake chafa mwa iwe. Injini yakufa amaikonza nkubwerera pamadzi. Nawenso bwerera kwa Atate lero, udakapuma.